Dandaulo pa mafuta a zikang'a omwe munanditumizira ku Dedza

Kwa a Manejala,

Ndalemba kalata chifukwa za pafoni zandikwana. Nambala yanu ya makasitomala imangoitana osayankhidwa, ikayankhidwa mawu ake ndi amodzimodzi akuti "tikuimbirani mayi", ndiye mpaka lero palibe wandiimbira. Oda yanga ili mu kompyuta mwanumo, ndinalipira pa Mpamba ndipo meseji yake ndikadali nayo.

Katoni ya mafuta odzola m'manja ndi kumapazi yomwe munanditumizira kumapeto kwa Meyi inali yowonongeka. Ukatsegula botolo pamwamba madzi okhaokha, pansi zoundana ngati chambiko, fungo lake loipa, ndipo mabotolo ambiri deti yothera ntchito inachita kufufutidwa. Sichinali chinthu choti munthu angadzole.

Mwina inu muli ku Lilongwe simudziwa kuti Juni ndi Julayi kuno amakhala bwanji. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, mwera ukayamba kuwomba khungu limauma tsiku lomwelo, manja kutuwa, milomo kusweka, zidendene kung'aluka. Amayi amene amagula pa kashopu kanga ndi anthu ochapa m'mawa ndi madzi ozizira, ena amathirira kachewere ndi kabichi kumadimba, sopo ndi madziwo zimachotsa mafuta onse apakhungu ndiye zikang'a zimafika potuluka magazi munthu kumayenda chotsimphina. Ine ndimawauza kuti asambe madzi ofunda osati otentha kwambiri, akwecheko pang'ono ndi mwala, adzole khungu lisanaumiretu kenako avale masokosi pogona. Koma zonsezo zimafuna mafuta enieni, ndipo ndinali nditawalonjeza kuti akubwera, ena anaperekeratu ndalama.

Chomwe chikundiwawa kwambiri ndi mayi anga ku Bembeke. Iwowa ali ndi shuga, ndipo achipatala anatichenjeza kuti bala la kuphazi kwa munthu wa shuga limachedwa kupola, phazi lisamafike pong'aluka, azidzola tsiku lililonse kupatula pakati pa zala. Botolo limodzi ndinawasungira iwowo. Mmene ndimadikira inu kuti musinthe katundu chidendene chawo chinang'aluka, pano tikuyendera kuchipatala kukatsukitsa.

Munandiuza nokha pafoni kuti ndibweretse katoniyo ku ofesi kwanu. Kuchoka ku Dedza kufika ku Lilongwe ndi makilomita opitirira 80, ndipo mukudziwa mmene thiransipoti yakwerera masiku ano. Ndinatseka shopu, kunyamula katoni pa minibasi, kufika akuti osayina ali ku msonkhano mubwerenso. Ndinabweranso akuti apita kunkhomaliro, ndinakhala pa benchi mpaka dzuwa kupendeka osaoneka. Ulendo wina akuti fomu yodandaulira yatha. Ndalama yomwe ndathera mumsewu ikukafika ku mtengo wa katoniyo.

Koma zonsezi ndikanapirira pakanapanda mtsikana wa pa kauntala uja. Nditamufotokozera bwinobwino anandiyang'ana kumapazi, ndinali nditavala masilipasi, nkuseka, nkunena pamaso pa anthu kuti "Mayi, mapazi a ku Dedza olo mutapaka girisi wa galimoto sangasalale, musanamizire mafuta athu." Anzake awiri kumbuyo nawonso kuseka. Bwana, mwana ameneyo ndi msinkhu wa mwana wanga woyamba. Ndinamufunsa kuti kodi kwanu akuluakulu mumawayankhula chonchi, anangotenga foni yake nkuyamba kudina osandiyang'ananso. Ndinatuluka misozi ili m'maso, katoni ili pamutu, kubwerera nayo ku depoti. Anthu a zikang'a amene akuwasekawo ndi omwe timagula mafuta anuwo, wa mapazi osalala angawafunirenji? Ndipo kuzizira kwa kwathu si chinthu chochititsa manyazi, kachewere amene mumadya tchipisi mu tauni amachokera komweko.

Zosinthitsa katundu sindikuzifunanso, nyengo yozizira yapita kale pakati ndipo ndayamba kuoda gilisalini ndi mafuta ena kwa anzanu, amene anandibweretsera mpaka pakhomo popanda kundizunguza. Chomwe ndikufuna mundibwezere ndalama yanga yonse pa nambala yomwe ndinalipirira, muwonjezere ya thiransipoti, ndipo mtsikanayo andiimbire yekha kupepesa. Katoni yanu mutumize munthu adzaitenge, ine sindikweranso nayo minibasi.

Pakatha masabata awiri osamva kanthu ndikadandaula ku bungwe loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission, mabotolo ofufutidwa detiwo ndikawaonetsa ku bungwe loona za ubwino wa katundu la Malawi Bureau of Standards, ndipo zithunzi ndajambula kale, ndiziponya m'magulupu a WhatsApp a amayi a bizinesi kuyambira kuno mpaka Lizulu ndi Ntcheu kuti wina asataye ndalama yake.

Ndine,
Kasitomala wanu wa pa Dedza boma