Chilengezo: Tikambirane za Masensa a ku Grenoble

Mamembala okondedwa,

Pa msonkhano wathu wa Loweruka likudzali tidzakambirana momwe dera la Grenoble ku France linakulira pa ntchito yopanga masensa ang'onoang'ono otchedwa MEMS. Awa ndi aja amazindikira kuti mwatembenuza foni, kapena kuchititsa airbag (thumba la mpweya loteteza anthu m'galimoto) kufufuma galimoto ikawombana. Mkati mwake muli kachidutswa ka silicon kolendewera, kochepa kuposa kambewu ka mchenga, kamene kamasuntha pang'ono chabe pakakhala kugwedezeka.

Kukula kwa Grenoble pa ntchitoyi kunatenga zaka zambiri. Labotale ya kafukufuku ya ku Grenoble yotchedwa CEA-Leti inayamba mu 1967, kampani yopanga masensa ya Tronics inabadwira mmenemo mu 1997, ndipo malo a kafukufuku otchedwa Minatec anatsegulidwa mu 2006 kuti ophunzira, ofufuza ndi makampani azigwirira ntchito pamalo amodzi. Kwa ine, mgwirizano umenewu ndiye tiyenera kuukambirana mofatsa. Chonde bwerani ndi mafunso, ndipo achinyamata okonda uinjiniya musawasiye kunyumba.