Ophunzira zamalamulo, ganiziraninso anthu apantchito

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko patsamba lanuli. Mchemwali wanga wagwira ntchito pa shopu ina ku Limbe zaka 4, kulowa 7 mmawa kuweruka pomwe abwana amalizira kuwerenga ndalama, koma mimba itangoyamba kuoneka anamuitanira kuseri nkumuuza kuti mawa usabwerenso, ati pa kauntala pakufunika munthu wochangamuka. Anamupatsa ya mwezi umenewo basi mu envulopu, kuonjezerapo ka sopo kamodzi ngati akumuseka.

Ine sukulu sindinapite nayo patali koma ndimadziwa kuti Employment Act ya 2000 imati mayi akamakachira apatsidwe tchuthi cha masabata 8 akulandira malipiro ake onse, ndipo kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha mimba ndi mlandu. Palinso Gender Equality Act ya 2013 ija yoletsa mabwana ogwiragwira atsikana mmaofesi. Malamulo tili nawo ndithu, chikusowa ndi munthu wokuyimira.

Tinapita ku lebala, anatilandira bwino nkulemba kalata yoitana abwanawo, iwo osabwera, kawiri konse. Ndiye akuti nkhaniyi ipite ku Industrial Relations Court, khoti la milandu yapantchito. Maloya awiri omwe tinawapeza, ndalama yongotsegulira fayilo inaposa yomwe tikulondolayo, wina mpaka anayang'ana wotchi ife tisanamalize kufotokoza. A Legal Aid Bureau, maloya a boma oyimira anthu osauka, akuyesetsa koma paokha sangathe, taganizani alonda, antchito ammanyumba, othyola tiyi ku Thyolo ndi Mulanje, onsewo.

Ndiye ndikufunsa inu ana athu mukuphunzira zamalamulo ku Zomba, kodi nonse maso ali ku mabanki ndi makampani a inshuwalansi? Sindikukunenani ayi, lendi ndi yodula ndipo kumudzi akudikira. Koma mayi Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi mdziko muno, anagwidwa mu 1981 nkudzatuluka mndende mu 1993, amuna awo a Orton atafera momwemo, ndipo atatuluka sanakakhale pansi, anayambitsa bungwe la Malawi CARER kuti anthu wamba adziwe maufulu awo. Mwa inu ochepa chabe atati asankhe milandu yapantchito, ngakhale Loweruka lokha pa maofesi a yuniyoni, mabwana enawa angayambe kuchita manyazi.

Mwana anabadwa, wamkazi. Mayi ake pano akugulitsa mandasi pa siteji, makalata awiri a ku lebala aja ali mu jumbo pansi pa matilesi.

Wodandaula,
Bangwe, Blantyre