Kalata kwa mwana wanga: za mafilimu, mabuku ndi magemu amene akukuunjikira

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi apabanja pako. Kuno tonse tadzuka bwino. Ndalemba kuti ndiyankhe dandaulo lako lija, loti chiyambire ntchito mafilimu, mabuku ndi magemu zangokuunjikira, ndipo anzako akamakambirana zatsopano iwe umangokhala duu.

Tiyambe ndi masamu, chifukwa apa ndi pomwe ambiri amadzinamiza. Sizoni imodzi ya sewero la pa TV ya magawo 10, gawo lililonse la mphindi 50, imadya maola 8 ndi mphindi 20. Pali anime ina (makatuni a ku Japan) imene yapitirira magawo 1000, ndipo pa mphindi 24 gawo lililonse amenewo ndi maola 400. Gemu yaikulu ya nkhani yaitali imafuna maola 50 mpaka 100. Buku la mawu 90,000, kwa munthu wowerenga mawu 250 pa mphindi, limatha m'maola 6. Tsono werengera nthawi yako yeniyeni, ukachotsa ntchito, tulo, ulendo ndi za pakhomo. Ngati utsala ndi ola limodzi pa tsiku, pa chaka ndi maola 365. Anime imodzi ija yokha singathe m'chaka chimenecho.

Ndiye mva ichi: sudzakwanitsa kutsatira zonse, ndipo palibe amene amakwanitsa. Pa Steam pokha, sitolo ya pa intaneti ya magemu a pa kompyuta, pamatuluka magemu oposa 10,000 chaka chilichonse. Anzako amene amaoneka ngati aonera chilichonse, aliyense waonera kachigawo kake, kungoti akakhala pagulu zimamveka ngati onse aona zonse. Chimene chili m'manja mwako ndi kusankha, n'kumaliza chimene wasankhacho.

Pa nthawi imodzi ukhale ndi zinthu zitatu zokha zoyambidwa: buku limodzi, sewero la pa TV limodzi, gemu imodzi. Chachinayi chisalowe china chisanathe kapena chisanasiyidwe. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Gemu ukaisiya milungu itatu, zala zimaiwala mabatani, mutu umaiwala pomwe nkhani inafika, ndipo ukabwerera umayambiranso pachiyambi, maola 15 oyamba aja n'kupita pachabe. Sewero la anthu ambiri nalo ndi chimodzimodzi, umayamba kufunsa kuti uyu ndani, anadana naye liti uja. Zodikira zilembe pamndandanda wosapitirira 10, ndipo pambali pa chilichonse lembapo maola amene chikufuna. Letterboxd imasunga mndandanda wa mafilimu, Goodreads wa mabuku, koma kope wamba nalo limagwira ntchitoyi bwinobwino. Usanagule gemu yang'ana pa HowLongToBeat, pomwe osewera amalemba maola amene anathera. Chatsopano chikafuna kulowa mndandanda utadzaza, china chituluke.

Kusiya chinthu pakati si mlandu. Sewero lipatse magawo atatu, buku masamba 50, gemu maola awiri. Likapanda kukugwira, lisiye. Malire a maola awiriwa ali ndi phindu linanso: Steam imabweza ndalama ngati gemu waisewera maola osakwana awiri ndipo masiku 14 sanadutse chiigulire. Uchenjere chifukwa nthawi imene gemu yangokhala yotsegula, ngakhale uli pa menyu kapena wapita kukasamba, imawerengedwanso.

Pali mtundu wa magemu umene ndikufuna uuganizire mofatsa, amene sakhala ndi mathero. Awa amakupatsa mphoto ukalowa tsiku lililonse, amakhala ndi battle pass (mndandanda wa mphoto zimene umapata ukamasewera) yotha pakapita milungu ingapo, ndi zovala kapena zida zimene akuti ukaziphonya lero sizidzabweranso. Anawapanga dala kuti uziona ngati ukutaya kanthu ukapanda kulowa. Gemu imodzi yotere ikhoza kumeza ola lako lija tsiku ndi tsiku kwa chaka chathunthu, zina zonse n'kumangodikira. Mayeso ake ndi osavuta. Usikuwo usanayatse, dzifunse ngati ukufuna kusewera kapena ukuopa kuphonya mphoto. Ngati yankho lili lachiwiri masiku atatu otsatizana, ichotse kwa mwezi. Za mabokosi ogula osadziwa zomwe zili m'kati, amene amati loot box, ine ndimaziona ngati juga basi, ndipo dziko la Belgium linawaletsa mu 2018 pa chifukwa chomwecho. Ngati uli ndi gulu la anzako amene mumasewera limodzi, sungani gemu imodzi yotere, mupangane tsiku, ndipo kirediti kadi yako isakhale yosungidwa mu akauntiyo.

Gemu ya munthu mmodzi usaithamangire tsiku lotuluka. Ikatha chaka imakhala itatsika mtengo, zolakwika zambiri atazikonza, ndipo nthawi zambiri amaigulitsa pamodzi ndi zigawo zowonjezera. Ya pa intaneti yokha ndi imene imafuna changu, poti osewera akachepa umadikira nthawi yaitali kuti upeze anzako. Ikafika nyengo yotsitsa mitengo, gula chokhacho chimene uyambe sabata yomweyo. Magemu asanu otchipa amene sudzawatsegula akudyera ndalama zambiri kuposa imodzi yodula imene waimaliza.

Zolipira mwezi ndi mwezi nazo usaziunjike. Netflix, Disney+, Prime Video, Crunchyroll, Game Pass, zonse pamodzi munthu wa ola limodzi pa tsiku sangazidye. Lipira imodzi, ndipo tsiku lomwelo uzimitse zoti idzadzilipirenso yokha. Imapitirira kugwira ntchito mpaka mwezi umene walipira utatha. Onera zimene unalemba za kumeneko, kenako samukira kwina. JustWatch imakuuza komwe filimu ikupezeka m'dziko limene uli, poti zimene zili pa Netflix dziko lina sizikhala zofanana ndi za dziko lina. Sewero lotuluka gawo limodzi pa sabata lidikire lithe, udzalionere m'mwezi umodzi m'malo molipira miyezi itatu. Ndipo lowa m'masetingi a akaunti uzimitse zoti gawo lotsatira lizidziyambira lokha. Kabatani kameneko kamabera anthu tulo kwambiri.

Pa data, Netflix yokha imanena kuti chithunzi wamba chimadya pafupifupi 1 GB pa ola, HD mpaka 3 GB, 4K mpaka 7 GB. Pa sikirini ya foni kusiyana kwa 720p ndi 1080p n'kochepa, ndiye usawononge data pamenepo. Ukadawuniloda pa Wi-Fi kuti udzaonere paulendo, dziwa kuti mafilimu ena amatha mphamvu pakapita maola 48 chiyambire kuwaonera. Magemu ndiye amadya koposa. Ena a masiku ano amafuna malo okwana 150 GB, ndipo ngakhale wagula disiki, tsiku loyamba amafunanso update ya ma GB ambiri. Ngati data yako ili ndi malire, zimitsa ma update odziyendera okha, uzisankha wekha gemu yoti ilandire.

Oulula mathero a nkhani ndi ambiri, ndipo ena sachitira dala. Pa X ndi pa Instagram pali malo olembapo mawu amene sukufuna kuwaona. Lembapo dzina la sewerolo, mayina a anthu a m'nkhanimo ndi a osewera ake. YouTube ndiye yoopsa kwambiri, chifukwa ukangofufuzapo kanthu kamodzi za filimu, mawa lake kachithunzi ka vidiyo ina kakuonetsa amene wafa. Usafufuzenso dzina la munthu wa m'nkhani pa Google, poti mawu omalizitsa amene imakupatsa yokha amaulula.

Tsopano za umwini, zimene achinyamata ambiri saziganizira. Filimu, buku kapena gemu imene wagula pa intaneti nthawi zambiri wagula chilolezo choigwiritsa ntchito, ndipo chilolezocho chikhoza kutha. Mu Malichi 2023 Nintendo inatseka kugula pa eShop, sitolo yake ya pa intaneti, ya makina a 3DS ndi Wii U. Mu Malichi 2024 Ubisoft inazimitsa maseva a gemu ya The Crew, ndipo ngakhale amene anali ndi disiki anatsala ndi chinthu chosaseweredwa, chifukwa gemuyo inkadalira intaneti nthawi zonse. Mafilimu nawo amachoka pa Netflix mgwirizano ndi eni ake ukatha. Sindikunena kuti uzigula madisiki a chilichonse. Zambiri n'zoonera kamodzi n'kuiwala. Koma zochepa zimene ukudziwa kuti udzazibwereza, zipeze m'njira imene munthu sangakulande: Blu-ray, buku la pepala, fayilo ya buku ya EPUB yopanda loko, kapena gemu ya pa GOG, komwe amakulola kutenga fayilo yoikira gemuyo n'kuisunga wekha. Pulogalamu yaulere ya Calibre imasanja mabuku a pa kompyuta bwino kwambiri. Mabuku akale amene umwini wake unatha ali pa Project Gutenberg, yomwe inayamba mu 1971, ndipo salipiritsa.

Chimene wasunga chikhale m'malo atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, malo amodzi akhale kunja kwa nyumba yako. Hard drive yonyamula m'manja ili ndi mbale zozungulira m'kati, ikagwa ikugwira ntchito ikhoza kutha pomwepo. Ikayamba kulira kuti tiki tiki, kopera zofunika tsiku lomwelo. Choyamba kuteteza ndi ma save a magemu, mafayilo osunga pomwe wafika, poti gemu ukhoza kuidawunilodanso koma maola 80 ako palibe angakubwezere. Pa Xbox ndi pa magemu ambiri a Steam ma save amakwera okha pa intaneti mwaulere. Pa PS5 zimafuna kuti ukhale ukulipira PlayStation Plus, ndipo ambiri amazindikira izi makina atafa kale. PS5 yoyamba ija amati ili ndi 825 GB, koma malo ogwiritsa ntchito ndi pafupifupi 667 GB. Magemu a PS5 ukhoza kuwasunga pa USB koma sangaseweredwe ali pomwepo. Ngati ukufuna malo osewererapo, ika chipangizo chosungira cha M.2 SSD chokhala ndi chozizitsira m'malo amene anasiyira m'kati.

Mdani wa makina ndi fumbi ndi kutentha. Usawatsekere m'kabati, siya mpata wa masentimita 10 pakati pa makinawo ndi khoma, ndipo miyezi ingapo iliyonse uzichotsa fumbi m'mabowo opumira, utazimitsa ndi kuzula pulagi. Fani ikayamba kulira kwambiri, fumbi latseka njira ya mpweya. Kontirola ikayamba kuyendetsa munthu wa m'gemu iwe usanaikhudze, ndiye kuti tizitsulo ta pansi pa kandodo tatha kapena talowa dothi. Yamba wayeretsa m'mbali mwa kandodoko ndi kathonje konyowetsa pang'ono ndi isopropyl alcohol. Zikakanika, kweza deadzone m'masetingi a gemu, kuti isamamve kusuntha kwakung'ono kwa kandodoko. Pogula ina, yang'ana ya Hall effect, imene imagwiritsa ntchito maginito ndipo ilibe tizitsulo tokhulana. Chipangizo cha batire chimene uchisiye miyezi, chisunge chili ndi moto wa theka. Batire ikatupa, usaitchajenso.

Pa TV sintha zinthu ziwiri zokha. Mafilimu amajambulidwa pa zithunzi 24 pa sekondi, koma ma TV ambiri amabwera atayatsa motion smoothing, imene imapeka zithunzi zina pakati, filimu n'kumaoneka yoterera modabwitsa. Izimitse, kapena sankha Filmmaker Mode ngati ilipo. Posewera sankha Game Mode, imene imachepetsa kuchedwa pakati pa kudina batani ndi kuona zotsatira pa sikirini. Maso nawo uziwapumitsa: mphindi 20 zilizonse yang'ana chinthu cha kutali mamita 6 kwa masekondi 20.

Mabuku ndawasiyira kumapeto chifukwa ndi amene amayamba kufa zinthu zikachuluka. Buku silikuimbira belu ngati foni. Koma masamba 20 pa tsiku ndi masamba 7,300 pa chaka, mabuku oposa 20 a masamba 350. Masamba 20 amenewo amafuna pafupifupi theka la ola. Uwapatse nthawi yokhazikika, foni ili chipinda china. Ngati umawerengera pa foni pomwepo, zimitsa data kaye. Buku lomvetsera limalowa m'nthawi imene maso ndi manja zili pa ntchito ina, paulendo kapena pochapa, ndipo liwiro la 1.25 makutu amalizolowera msanga. Buku lovuta lokhala ndi mayina ndi zaka zambiri liwerenge ndi maso, poti pomvetsera n'kovuta kubwerera mmbuyo.

Chotsiriza ndi akaunti zako. Ya Steam kapena ya PlayStation imene yakhala zaka zambiri ili ndi katundu wa ndalama zochuluka, ndipo akuba amaidziwa. Iliyonse ikhale ndi pasiwedi yakeyake, uyatsenso chitetezo cha masitepe awiri, ndipo manambala opulumutsira amene amakupatsa uwalembe papepala. Uthenga wa mnzako wonena kuti dina apa ulandire gemu yaulere, yamba wamuimbira, chifukwa mwina akaunti yake yabedwa. Fayilo imene akuti ndi filimu koma dzina lake likuthera ndi .exe usaitsegule, ndi pulogalamu imeneyo, ndipo ndi mmene mavairasi ambiri amalowera m'kompyuta.

Undiperekere moni kwa onse kumeneko. Amayi ako akuti uwaimbire Lamulungu madzulo.

Ndine,
Bambo ako