Lekani kumunamizira Ebbinghaus

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa mawu amene ndatopa kuwamva m'misonkhano ya aphunzitsi, akuti sayansi inapeza kuti munthu amaiwala magawo 70 mwa 100 a zimene waphunzira tsiku lisanathe. Mukawafunsa kuti zachokera kuti, amatchula Hermann Ebbinghaus. Bambo ameneyu akumunamizira, ndipo sangadziyankhire poti anamwalira kalekale mu 1909 ku Halle.

Ebbinghaus anali katswiri wa za maganizo a munthu wa ku Germany, anabadwira ku Barmen mu 1850. Buku lake lonena za kukumbukira linatuluka mu 1885, ndipo munthu amene anamuyesa m'kafukufuku yense anali mmodzi yekha, iye mwini. Anadzipangira timawu topanda tanthauzo pafupifupi 2,300, lembo la liwu pakati pa malembo awiri opanda liwu, dala kuti tisamukumbutse kalikonse. Ankatiwerenga mokweza motsatira kugunda kwa wotchi, timawu 150 pa mphindi, mpaka atalakatula mndandanda wonse osaphonya. Kenaka ankausiya kwa mphindi 20, ola, tsiku kapena mwezi, n'kuuphunziranso.

Apa m'pamene anthu amasokoneza. Iye sankawerengera timawu timene watikumbukira ayi. Ankayeza kuti ulendo wachiwiri wapulumutsa nthawi yochuluka bwanji. Patatha ola limodzi ankapulumutsa pafupifupi magawo 44 mwa 100 a nthawi yoyamba, patatha tsiku pafupifupi 34, patatha masiku 31 pafupifupi 21. Ndiye kuti ngakhale patapita mwezi wathunthu, zinthu zopanda mutu zomwezo zinali zitasiyabe phazi m'mutu mwake. Mu 2015 ofufuza a ku Amsterdam anabwereza ntchitoyi ndipo anapeza zofanana kwambiri, koma nawonso ndi timawu tachabechabe tomwe tija, osati phunziro la mbiri kapena masamu limene mwana walimvetsa.

Mwiniwakeyo ankadziwa kusiyanaku. Atayesa kuloweza ndime za ndakatulo ya Byron, mlakatuli wa ku England, anaona kuti zikumutengera pafupifupi gawo limodzi mwa khumi la kubwereza kumene timawu tija tinkafuna. Zomveka zimalowa msanga. Nanga bwanji olalikira za magawo 70 aja satchulako zimenezi? Mwina poti sizichititsa mantha, ndipo nkhani yosaopseza sikoka anthu ku msonkhano.

Chimene ine ndikanakonda kuti chilalikidwe ndi ichi: Ebbinghaus anapeza kuti kubwereza mndandanda ka 38 mogawa pa masiku atatu kunamuthandiza mofanana ndi kuubwereza ka 68 tsiku limodzi. Ntchito yochepa pafupifupi ndi theka, phindu lomwelo. Pa zaka zanga zogwira choko ndaona ana ambiri akuchezera usiku wonse ndi kope mayeso ali mawa, maso ali psuu, m'mawa n'kukalemba bwino ndithu, koma mukawafunsa funso lomwelo teremu yotsatira amangokuyang'anani. Mlandu si wa ana okha. Ife aphunzitsi timamaliza mutu lero, osaubwereranso mpaka sabata yokonzekera mayeso.

Pempho langa kwa okonza maphunziro a aphunzitsi n'lakuti akamatchula Ebbinghaus azinena kuti anayesa chiyani, pa ndani, ndipo aziwonjezera 38 ndi 68 uja. Mphindi zisanu zoyamba za phunziro lililonse zizikhala za kufunsa ana zimene anaphunzira sabata yatha, makope ali otseka.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito