Madokotala a mano, werengani buku musanabaye

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko pa zomwe zinamuchitikira mlamu wanga mwezi wathawu. Anapita kukazulitsa dzino pa kiliniki ina ya pulayiveti m'tauni muno, ndiye poti anachitidwa opaleshoni ya mtima n'kumuika valavu yochita kupanga, adokotala anati ayambe walandira antibayotiki kuti tizilombo ta mkamwa tisalowe m'magazi n'kukakhala pa valavupo. Apo sindikutsutsa ayi. Koma anangomuika kanyula n'kumubaya ampicillin pamtsempha osamufunsa n'komwe ngati pali mankhwala omwe amamuwenga, chonsecho buku lake la kuchipatala linali pa tebulo pomwepo ndipo tsamba loyamba munalembedwa ndi bolopeni yofiira kuti penisilini amamuwenga. Ampicillin ndi penisilini ndi banja limodzi, mlamu akanadziwa bwanji?

Mphindi zisanu sizinakwane, anayamba kukanda m'manja, zidzolo thupi lonse, milomo kutupa, kenako kubanika mpaka mawu osatuluka, BP kutsika. Nesi kuthamanga uku ndi uku kusaka kiyi wa kabati momwe munali adrenaline, mankhwala opulumutsa munthu amene wawengedwa koopsa! Mwamwayi anampeza n'kumubaya pantchafu, munthu uja anatsitsimuka koma anakagona kuchipatala. Dzinolo likadali mkamwa.

Chomwe chikundiwawa n'choti jakisoniyo sanali wofunika n'komwe. Malangizo a American Heart Association, bungwe loona za matenda a mtima ku America, amati munthu amwe mankhwala kamodzi basi, mphindi 30 mpaka 60 asanazulidwe, ndipo wa pamtsempha ndi wa munthu amene sangathe kumeza. Amene penisilini amamuwenga alipo ena ngati azithromycin. Kuyambira 2007 anachepetsanso anthu oyenera kulandira, anatsala okhawo a chiopsezo chachikulu ngati mlamuyu, ndipo ku Britain bungwe lopereka malangizo a zaumoyo la NICE mu 2008 linati asamaperekedwe, kenako mu 2016 linati asamaperekedwe mwachizolowezi. Ngakhale clindamycin amene ankadaliridwa kwa anthu owengedwa ndi penisilini, a American Heart Association anamuchotsa pa mndandanda mu 2021 chifukwa amayambitsa kutsegula m'mimba koopsa.

Komanso ife odwala tili ndi kavuto kathu, timaona ngati jakisoni ndiye mankhwala enieni, akatipatsa makapisozi timatuluka tikung'ung'udza kuti ndalama yapita pachabe.

Pempho langa kwa a Medical Council of Malawi, mukamayendera makiliniki a mano muzifunsa kuti adrenaline ali pati ndipo kiyi amasunga ndani. Ife tikukadula lipoti ku PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno, ndipo mlamu tamugulira kachibangili kolembedwa kuti penisilini ayi.

Wokhudzidwa,
Lilongwe