Wofuna kusiya mowa kuno ku Mangochi agogode khomo liti?

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yathuyi za nkhani imene ambiri kuno ku Mangochi timaikamba monong'ona, ndiyo ya munthu amene mowa wamulowerera, mwiniwake watopa nawo, koma sakudziwa kumene angapeze anzake amene anadutsa m'mavuto omwewo kuti alimbikitsane.

Ine ndinamwa mowa zaka 14. Ndinayamba ndili msodzi padooko lina kufupi ndi Makawa, kumene ndalama ya usipa imabwera m'mamawa, pofika masana n'kukhala itathera kwa mayi wotcheza kachasu. Kusiya ndinakasiyira ku Johannesburg, komwe ndinapita kukasaka maganyu monga achitira anyamata ambiri a m'boma lino. Mnzanga amene tinkagona chipinda chimodzi ataona kuti m'mawa uliwonse manja anga ankanjenjemera mpaka kulephera kumanga zingwe za nsapato, ananditengera ku holo ya tchalitchi china Lachiwiri madzulo. Ndinapeza mipando yapulasitiki itaikidwa mozungulira, ketulo ya tiyi ili pakona, ndipo panalibe m'busa kapena dokotala wotsogolera. Aliyense ankatchula dzina lake loyamba lokha, n'kufotokoza mmene sabata yamuyendera. Bambo wina waimvi anasimba mmene ankabisira botolo m'thanki ya chimbudzi kuti akazi ake asalione, ndipo anthu anaseka, osati momunyoza, koma chifukwa aliyense anali ndi malo ake obisa. Tsiku limenelo ndi limene ndinayamba kunena zoona za moyo wanga.

Gulu limeneli ndi la Alcoholics Anonymous, lomwe linayamba m'chaka cha 1935 mumzinda wa Akron ku America, pamene anthu awiri amene mowa unawazunza, Bill Wilson ndi Dr Bob Smith, anaona kuti akamacheza moona mtima za vuto lawo amatha kugona osamwa. Malamulo ake ndi osavuta. Munthu salipira kuti alowe, chofunika n'chakuti akhale ndi mtima wofuna kusiya, ndipo zimene zakambidwa m'chipindamo zimathera momwemo. Salonjeza kuti sadzamwanso mpaka imfa. Amangoti lero lokha sindimwa, mawa tidzaona mawa.

Nditabwerera kumudzi ndinayamba kufunsa kumene anthu otere amakumana. Pachipatala china namwino anandilandira bwino, koma anangonditchulira chipatala cha anthu a matenda a muubongo ku Zomba ndi cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Malo amenewa ndi ofunika, ndipo ndichenjeze pano kuti munthu amene wamwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri asasiye mwadzidzidzi yekha kunyumba, chifukwa pamasiku awiri kapena atatu oyamba angathe kugwa ngati wakhunyu kapena kuyamba kuona zinthu zomwe palibe, ena mpaka kutaya moyo. Woteroyo ayambire kuchipatala. Koma akatuluka amabwerera padooko lomwe lija, kwa anzake omwe aja amene amamuitana kuti alaweko pang'ono chabe. Kodi munthu wa ku Makanjira kapena ku Katuli angapeze kuti ndalama yokwerera galimoto kupita ku Zomba sabata iliyonse?

Pali chinthu china chimene anthu a m'maboma ena mwina sangachimvetse msanga. Kuno ambiri ndi Asilamu, ndipo mowa ndi woletsedwa m'chipembedzo chawo, choncho amene wagwa m'vutoli amamwera mobisa, namaopa ngakhale kufunsa thandizo poti angachititse manyazi abale ake onse. Kwa ife Akhristu zinthu sizisiyana kwenikweni, pakuti ukadandaula amakuuza kuti ulimbike kupemphera, basi. Sindikunyoza pemphero, inenso ndimapemphera, koma ludzu la mowa likandigwira pakati pa usiku ndimafuna munthu woti ndimuimbire foni amene sadabwa ndi zimene ndikumuuza, chifukwa nayenso linamugwirapo.

Boma linaletsa mowa wa m'masacheti m'chaka cha 2015, ndipo mu 2017 linakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa. Mowa uja unangosamukira m'timabotolo tapulasitiki, ndipo amene unawalowerera kale anatsala okha.

Pempho langa silofuna ndalama zambiri. Ngati m'boma lino muli gulu limene limakumana kale, tsiku ndi malo zilembedwe papepala n'kumatidwa pakhomo la chipatala chilichonse, kuyambira pa boma mpaka ku Namwera ndi ku Monkey Bay, popanda kutchula dzina la munthu. Alangizi a zaumoyo amene amayenda m'midzi akhale nawo uthengawo. Wailesi zathu monga Radio Maria ndi Dzimwe ziulengeze m'Chichewa ndi m'Chiyao, popeza ambiri amene akuvutika sawerenga nyuzipepala. Ndipo amipingo, amizikiti kapena asukulu atibwereke chipinda ola limodzi pa sabata, koma asaikepo lamulo loti alowe ndi a chipembedzo chawo okha, ndiponso pasakhale wokhala pakhomo kumalemba maina.

Pakali pano tilipo atatu, ine, mnyamata wina wakabaza ndi bambo wina wopuma pantchito, ndipo timakumana Lamulungu lililonse madzulo pansi pa mtengo wa mango cha kumtsinje wa Shire. Anthu odutsa amaganiza kuti tikukambirana za malonda. Mvula ikayamba pamenepa sipadzakhalikanso, choncho amene ali ndi chipinda, kapena amene akufuna kukhala wachinayi, atipeze kudzera kwa inu akonzi.

Ine wanu,
Wosiya mowa,
Mpondasi, Mangochi