Kalata yochokera ku Alabama

Mnzanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno kulibe chovuta.

Unafunsa zimene zikunditangwanitsa Loweruka lililonse. Ndikuthandiza mayi wina wa kuntchito kwathu kufufuza makolo ake. Agogo ake ankachokera ku Gee's Bend, kamudzi ka m'boma la Wilcox, pomwe mtsinje wa Alabama umakhota n'kuzinga malowo mbali zitatu.

Kumeneko anthu ambiri ndi a Pettway. Iwe ukamva choncho uganiza kuti ndi chiwongo ngati Phiri kapena Banda. Ayi ndithu. Munda wa thonje pamalopo anautsegula Joseph Gee mu 1816. Mu 1845 unapita m'manja mwa Mark Pettway, ndipo chaka chotsatira iye anasamuka ku North Carolina ndi akapolo pafupifupi 100, ambiri a iwo wapansi ulendo wonsewo. Ukapolo utatha mu 1865, ochuluka anatsala pomwepo, kumalima ngati matenanti, dzina n'kukhala la mwini munda. Ndiye a Pettway awiri akhoza kuyandikana nyumba popanda ubale uliwonse wa magazi.

Povuta penipeni ndi pa kalembera. Wa 1870 ndiye woyamba kulemba mayina a anthu amene anali akapolo. Wa 1850 ndi wa 1860 ankalemba dzina la mwini wawo, pansi pake n'kungoika zaka, khungu, ndi kuti uyu ndi mwamuna kapena mkazi. Basi. Ukafuna kubwerera m'mbuyo kuposa pamenepo, upite ku mapepala a chuma cha masiye. Mmenemo munthu amapezeka ndi dzina loyamba lokha, pambali pake mtengo wake m'madola, m'ndandanda umodzi ndi nyulu ndi mipando. Mayi uja akafika pa masamba otere amavula magalasi, n'kukhala duu kwa kanthawi.

Ine ndimakhulupirira kwambiri zimene okalamba a kumeneko amasimba, chifukwa mapepalawo analembedwa ndi anthu owerengera katundu wawo. Okalambawo sanaiwale 1932, pamene a ngongole anabwera kudzalanda ziweto, makasu ndi chakudya chomwe. Sanaiwalenso pantoni yopita ku Camden, likulu la bomali, imene inaimitsidwa mu 1962 anthu atayamba kuwoloka kukalembetsa mavoti. Pa msewu ndi ulendo wa pafupifupi ola lathunthu pagalimoto, ndipo pantoniyo inadzabwerera mu 2006! Zofunda zawo zosoka ndi tizigamba ta zovala zakale, zimene lero zimaonetsedwa ku New York, nazonso zimatithandiza, poti amayi amadziwa kuti ichi anasoka ndi agogo a uje, ndipo anaphunzira kwa uje.

Tsopano tikufuna kulembera a ku Halifax County, ku North Carolina komwe ulendo uja unayambira, mwina dzina la agogo a agogo ake lingapezeke kumeneko. Ndidzakuuza mmene tiyendere.

Undiperekere moni kwa amayi.

Ndine mnzako wa kalekale.